KABUKU KA GULE WA KALELA: MTENGO WACE ULI PATI?

Alipo anthu ena amene akonda kusonkhanitsa mabuku akale monga momwe mwini ng'ombe akondera kuona khola lace lirikudzala. Anthu otere akamva kuti m'sitolo yakuti ku London kapena ku Cape Town mwapezeka buku lakale lonena za Afrika, sacedwa kulemba kalata yofunsa mtengo wace. Mwa mabuku amene iwo afunafuna muli kabuku kena kopyapyala, ka masamba oposa 50 pang'ono, ka cikuto cofewa copanda zokometsera. Dzina lace ndi The Kalela Dance. Anakalemba ndi J. Clyde Mitchell, ndipo kanasindikizidwa ku Manchester m'caka ca 1956, kukhala ka nambala 27 pa mndandanda wa timabuku ta Rhodes-Livingstone Institute. Nkhani yace ndi ya gule amene anyamata a Cibisa anali kubvina ku Luanshya.

Munthu woona kabukuka nthawi yoyamba akhoza kufunsa kuti, "Kodi m'kanthu kocepa cotere muli ciani cakuti munthu atayirepo ndalama zace?" Funso limeneli ndi loyenera ndithu. Koma kuti liyankhidwe bwino, kufunika kuyang'ana poyamba gule mwini wace, munthu amene anamlemba, ndi masiku amene zinthuzi zinacitika.

LUANSHYA M'CAKA CA 1951

Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931. Kuyambira masiku amenewo anthu a mitundu yosiyana-siyana anali kuthamangira ku Migodi kukafuna ndalama za msonkho, za zobvala ndi za cikwati. Kunali Abemba, Abisa ndi Aushi ocokera kumpoto. Angoni, Acewa ndi Ansenga ocokera kum'mawa. Alozi ndi Aluvale ocokera kumadzulo. Kunalinso ena a ku Nyasaland, ku Tanganyika ndi ku Congo. Anthu amene makolo ao sanaonanepo, kapena anaonana pa nkhondo pokha, tsopano anali kutunga madzi pa mpopi umodzi.

Mitchell anabadwira ku South Africa m'caka ca 1918. Asanafike ku Migodi anakhala pakati pa Ayao ku Nyasaland kuyambira 1946 kufikira 1949, naphunzira makhalidwe a midzi yao. Pambuyo pace anatumidwa kukafufuza za moyo wa anthu a m'matauni a Northern Rhodesia, ndipo kuyambira 1952 kufikira 1955 ndiye anali mkulu wa Rhodes-Livingstone Institute. Tsono m'caka ca 1951, pa masana a Lamulungu, iye anali kupita ku komboni ya Management Board ku Luanshya kukaonerera magule. Mwa magule onse amene anaona, kalela ndiye anamdabwitsa koposa.

Gulu limene iye analiyang'anitsa linali la anyamata 19. Sanabvale zikopa kapena nthenga iai. Anabvala mathalauzi otuwa osita bwino, mavesti audongo, ndi nsapato zopukuta mpaka kuwala. Tsitsi lao linali lopesa ndi kulemba seda, ndipo ena anagwira kampango koyera m'dzanja lamanja. Pakati pa bwalo panapacikidwa ng'oma zitatu zazikuru, zopangidwa ndi migolo ya mafuta ya magaloni 44 yokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe. Oyimba ng'oma anali kuziomba ndi ndodo zopindika, ndipo kulira kwace kunali kumveka kutali-tali. Obvinawo anali kuzungulira ng'omazo mwa mzere, ndi mayendedwe afupi-afupi okwekweza mapazi, mtsogoleri wao ali kuliza wezulo.

Panalinso ena a maudindo. "Mfumu" ya gulu inabvala suti yakuda, tayi, cipewa ndi magalasi a dzuwa. Panali "dotolo" wobvala mkanjo woyera wa mtanda wofiira pa cifuwa, ngakhale sanali kupatsa munthu mankhwala. Mkazi anali mmodzi yekha, "nesi," nayenso wobvala zoyera. Nchito yace inali kuyenda ndi kalilole ndi kansaru, kuti wobvina ali yense adziyang'ane ngati akali waudongo ndi kupukuta thukuta pa nkhope. Ndipo cimene Mitchell anapeza atafunsa za moyo wao ndi ici: mwa anyamata onsewo munalibe kalaliki kapena mphunzitsi. Ambiri anali anchito wamba, a malipiro ocepa.

Pano ndipo pali mtengo woyamba wa kabukuka. Mabuku a Boma a masiku amenewo anawerenga anthu otere monga manambala cabe: angati alembedwa nchito, angati athawa, angati apereka msonkho. Manyuzipepala anali kulemba za mabwana a migodi ndi za atsogoleri a ndale. Koma za mnyamata amene anali kusenza katundu masiku asanu ndi limodzi, nadzuka m'mamawa pa Lamulungu kusita thalauzi lace ndi simbi ya makala, ndi ocepa amene anasamala kulemba. Kabuku aka kanamgwira mnyamatayo ali pakati pa bwalo, ndipo akali comweco m'masamba ace kufikira lero.

KUMENE GULE ANACOKERA

Mtengo waciwiri uli pa mbiri. Obvinawo anauza Mitchell kuti gule wao anayamba ndi munthu wina dzina lace Kalulu, pa cisumbu ca Chishi m'nyanja ya Bangweulu, ca m'ma 1930, ndipo kuti poyamba anali kuchedwa mbeni. Nkhondo yaciwiri itatha, gule anacuruka ku Migodi pamodzi ndi anthu a ku Bangweulu odzafuna nchito, ndipo dzina lakuti kalela analimasulira kuti gule wonyadira.

Mau akuti mbeni ndiwo mfungulo ya nkhani yonse. Anacokera ku mau a Cingelezi onena gulu la oyimba malipenga ndi ng'oma za asilikari. Mitchell anaona kuti kalela ndi m'bale wace wa beni wa Ayao, ndi wa mganda umene Bambo A. M. Jones anaulemba m'caka ca 1945. Koma iye anangotsegula citseko. Amene analowa m'kati ndi Terence Ranger, m'buku lace lochedwa Dance and Society in Eastern Africa, loturuka m'caka ca 1975. Ranger analondola mapazi a beni kubwerera ku mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamcere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Kumeneko magulu opikisana anali kuguba ndi maudindo a mafumu ndi akazembe. Ku Mombasa kunali Kingi ndi Scotchi, ndipo ku dziko limene linali m'manja mwa Ajeremani kunali Marini ndi Arinoti. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inamwaza asilikari ndi amtengatenga m'maiko onse a pakati, ndipo pobwerera kwao anatenga gule ameneyu. Ku Nkhata Bay, pakati pa Atonga, kunabadwa malipenga. Kwa Acewa, Ansenga ndi Atumbuka kunabadwa mganda ndi zipanda zace zoliza. Ku Bangweulu kunabadwa kalela. Munthu wa ku Chipata kapena ku Lundazi amene aonerera mganda dzinja litatha, akawerenga kabukuka adzazindikira kuti dotolo ndi nesi a ku Luanshya si alendo kwa iye.

Mbeni analowanso m'mbiri ya ndale za Migodi. M'mwezi wa May 1935, Boma litakweza msonkho wa anthu a m'matauni, anchito a ku Mufulira ananyanyala nchito, ndipo moto unayambukira ku Nkana ndi ku Luanshya. Pa 29 May apolisi anaombera mfuti ku Luanshya, nafa anthu 6. Akuru-akuru amene anatumidwa kudzafufuza za cipolowe cimeneci anauzidwa kuti anthu a mbeni anathandiza kufalitsa mau kucokera ku mgodi wina kunka ku unzace. Kuyambira pamenepo Boma linayang'ana gule ameneyu ndi diso lokayika. Motero wowerenga aona kuti bwalo la gule silinali malo a masewera okha.

CODABWITSA CIMENE MITCHELL ANAPEZA

Nyimbo za kalela, zimene Mitchell anazimasulira m'Cingelezi, zinali kuyimbidwa m'Cibemba ca ku Migodi, cosakaniza ndi mau a Cingelezi ndi a Cikabanga. Sizinanene za kulima kapena kusodza nsomba. Zinatama Abisa ndi dziko lao, ndi kuseka ena onse: mtsikana wa m'tauni wodzola zofiira pa milomo, makolo oumirira ndalama zambiri kwa mkamwini, Alamba ndi milandu yao ya cigololo, ndi mitundu yina yambiri. Anthu osekedwawo anali pomwepo m'khamu la oonerera, ndipo anali kuseka nao osakwiya.

Apa Mitchell anaona cinthu cooneka ngati cotsutsana. Gule anali wa mtundu umodzi, wotama mtundu umenewo. Koma cinenero cace, zobvala zace ndi nkhani zace zonse zinali za m'tauni, kumene mitundu isakanizika. Yankho lace linali lakuti mtundu wa munthu m'tauni suli cinthu cimodzi ndi mtundu wa kumudzi. Kumudzi mtundu ndiwo mfumu, minda, mfunda ndi milandu ya pa bwalo. M'tauni mtundu uli ngati cizindikilo cimene cithandiza munthu kudziwa m'mene angakhalire ndi mlendo amene wakomana naye pa mowa kapena pa mpopi: uyu ndi wa kwathu, uyu ndi wa pafupi, uyu ndi wa cimbuya. Anafotokoza bwino za cimbuya ca Angoni ndi Abemba, mitundu imene kale inalasana ndi mikondo, koma m'tauni inasanduka yonyozana mwa nthabwala ndi kuikana maliro.

Anaonetsanso kuti pa nkhani za malipiro anthu omwewo anali kuika mtundu pambali. Bungwe la anchito a m'migodi a ciAfrika linakhazikika m'caka ca 1949 pansi pa Lawrence Katilungu, ndipo m'caka ca 1953 anchito anabvota kuti akuru a mitundu, amene eni migodi anawaika kukhala nkhoswe pakati pao ndi anchito, acotsedwe. Munthu mmodzi yemweyo anali M'bisa pa Lamulungu masana, nakhala wanchito wa mumgodi pa Lolemba m'mawa. Ganizo limeneli ndilo linachukitsa kabukuka, kotero kuti kanayamba kuwerengedwa m'mayunivesite a maiko ambiri ndi anthu amene sanapondepo ku Luanshya. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo zoonadi mlendo uyu anaona cimene eni ace anali kungocicita osaciyesa codabwitsa.

PAMENE KABUKU KAPEREWERA

Koma wogula wanzeru sayang'ana ng'ombe mbali imodzi yokha. Kabukuka kali ndi zoperewera zitatu zimene ziyenera kunenedwa poyera.

Coyamba ndi nkhani ya zobvala. Mitchell anaganiza kuti anyamatawo, pobvala mwaudongo wotere, anali kulakalaka ulemu umene unali kutsata makhalidwe a Cizungu, ndi kutsanzira makalaliki ndi aphunzitsi amene anali pamwamba pao. Ganizo ili linatsutsidwa kolimba. Bernard Magubane, wa ku South Africa, amene anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Zambia, analemba m'caka ca 1971 kuti ofufuza otere anataya nthawi kuwerenga masuti ndi nsapato, naiwala cinthu cacikuru, ndico ulamuliro wa atsamunda umene unapanikiza anthuwo. Mau ace ali ndi mphamvu. M'masiku amenewo nchito zabwino za mumgodi zinali zosungidwira Azungu, ndipo m'masitolo ambiri munthu wakuda anali kugulira pa windo, osaloledwa kulowa pa khomo. Munthu wokanizidwa pa khomo akabvala nsapato zowala ndi kudzicha mfumu kapena dotolo pamaso pa anthu a mtundu wace, kodi ali kutsanzira cabe, kapena ali kunena kuti nayenso ndi munthu? Ranger nayenso anaona kuti beni sanali kutsanzira kopanda nzeru iai, koma luso la eni ace, lomera pa mwambo wakale wa mpikisano wa magule. Wowerenga wa lero ayenera kusunga mafunso amenewa m'mtima pamene ali kutembenuza masamba.

Caciwiri, munthu wofuna kuphunzira kubvina kalela sadzathandizidwa kweni-kweni. Mayendedwe a mapazi afotokozedwa m'mizere yowerengeka, ndipo za kaombedwe ka ng'oma muli zocepa. Gawo lalikuru la kabukuka ndi la mafunso amene anafunsidwa kwa ana a sukulu mazana angapo, za nchito imene aiyesa yaulemu ndi za mitundu imene angakwatirane nayo kapena kudya nayo pamodzi. Muli manambala ndi mindandanda imene ingatopetse munthu wongokonda ng'oma. Wofuna kudziwa magule ambiri a dziko lino angacite bwino kufunanso kabuku ka W. V. Brelsford kochedwa African Dances of Northern Rhodesia, kamene kanaturuka m'caka ca 1948.

Cacitatu, dzina la pa cikuto ndi limodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Mitchell mwini anathokoza Sykes Ndilila, wothandiza wace pa nchito yofufuza, kuti ndiye anasonkhanitsa mau a nyimbo ndi mbiri za obvina. Popanda munthu wodziwa Cibemba ca m'komboni, wokhoza kukhala pansi ndi anyamatawo ndi kumva nthabwala zao, kabukuka sikakanabadwa. Lyn Schumaker, m'buku lace lochedwa Africanizing Anthropology, loturuka m'caka ca 2001, anaonetsa kukula kwa nchito imene athandizi a ciAfrika anagwira pa Rhodes-Livingstone Institute. Wosunga kabukuka adziwe kuti ali kusunga thukuta la anthu a dziko lino lomwe.

ZIMENE WOGULA AYENERA KUYANG'ANA

Tsono za mtengo wa ndalama. Ogulitsa mabuku akale ayang'ana zinthu zitatu: kusowa kwa buku, ubwino wa thupi lace, ndi kucuruka kwa olifuna. Kabuku aka sikali kosowa monga mabuku a zaka mazana atatu, cifukwa kanasindikizidwanso m'zaka zotsatira pamene ophunzira anacuruka. Cifukwa cace wogula ayambe wayang'ana kuseri kwa tsamba la dzina, kumene osindikiza alemba caka. Kope la 1956 ndilo lofunika koposa kwa osonkhanitsa, ndipo makope a pambuyo mtengo wao ndi wocepa ngakhale mau ace ndi omwewo.

Ayang'anenso thupi lace. Timabuku ta cikuto cofewa sitikhalitsa m'dziko la ciswe, mphemvu ndi cinyezi ca dzinja. Kope limene cikuto cace cikali camphumphu, msana wosang'ambika, masamba onse alipo ndi opanda madontho a nkhungu, ndi lobvuta kulipeza. Makope ambiri anakhala zaka m'malaibulale a mayunivesite, ndipo ali ndi zidindo, manambala ndi mizere ya inki ya ophunzira. Ogulitsa atsitsa mtengo wa otere. Koma pano munthu wokonda mbiri asiyana ndi wamalonda. Cidindo ca ofesi ya boma lakale, kapena ca sukulu ya mishoni, cinena kumene kabukuko kanayenda ndi manja amene anakagwira. Kwa wamalonda cimeneco ndi cilema. Kwa wolemba mbiri ndi umboni.

Munthu wofuna mau okha sayenera kubvutika ndi zonsezi, pakuti kabukuka kanajambulidwa kale naikidwa pa intaneti. Ndipo wogula ndi colinga cakuti adzalemere pogulitsanso angadzakhumudwe, cifukwa timabuku ta ophunzira sitikwera mtengo monga mabuku a zithunzi zokongola. Phindu lace leni-leni liri kwina.

Anyamata 19 aja anabvina m'dziko limene linali kuchedwa Northern Rhodesia, zaka ziwiri Federation isanayambe, zaka 13 Zambia asanalandire ufulu pa 24 October 1964. Sanadziwe kuti gule amene Boma linamkayikira adzakhala cuma ca dziko. Koma m'caka ca 2022 bungwe la UNESCO linalemba kalela pa mndandanda wace wa miyambo yofunika ya anthu a pa dziko lonse, pamodzi ndi Gule Wamkulu ndi Makishi amene analembedwa kale. Lero gule ameneyu abvinidwa pa miyambo ya mafumu ndi pa zikondwerero za dziko, ndipo ana a sukulu amuyesa wa makolo akale-kale. Kabuku ka 1956 kakumbutsa kuti iye ali ndi ciyambi cace codziwika, kuti anayenda ulendo wautali ndi asilikari ndi amtengatenga, ndi kuti anakulira m'pfumbi la komboni pakati pa anthu osauka amene anakana kuoneka osauka.

Mau a akuru akoma akagonera, ndipo kabuku aka kagonera zaka zambiri. Amene ali nako m'sutikesi ya atate ace, kapena akapeza pa mulu wa mabuku akale pa msika, asakagulitse msanga kwa woyamba kufunsa, ndipo asakakulungire mtedza. Akacotse pansi pamene pafika ciswe, akaike pouma, ndipo tsiku lina akawerengere nkhalamba ya ku Bangweulu imene inagwirako nchito ku Migodi. Nkhalambayo idzamuuza pamene Mitchell analondola ndi pamene anaphonya.